M'bale Lawrence: Wophika Amene Anaphunzira Kuyenda ndi Mulungu M'khitchini

Mu mzinda wa Paris, likulu la dziko la France, muli msewu wotchedwa Rue de Vaugirard. M'mbali mwa msewuwu muli tchalitchi chakale chimene chilipobe mpaka lero. Zaka zoposa 300 zapitazo, pamalo amenewa panali nyumba ya amonke, ndipo m'khitchini ya nyumbayo munkagwira ntchito bambo wina wotsimphina. Bamboyu sanali wansembe, sanalalikirepo pa guwa, ndipo sukulu sanapite nayo patali. Ntchito yake inali kusonkha moto, kusenda ndiwo, kuphika ndi kukwecha mapoto. Komabe lero dzina lake limadziwika kuposa mayina a akuluakulu onse amene ankadya chakudya chimene iye ankaphika. Akhristu a mipingo yosiyanasiyana amamutchula kuti M'bale Lawrence, ndipo amamukumbukira pa chinthu chimodzi: anaphunzira kukhala pamaso pa Mulungu tsiku lonse, ngakhale pakati pa utsi ndi phokoso la mbale.

Mtengo wopanda masamba

Dzina lake lobadwa nalo linali Nicolas Herman. Anabadwa cha m'ma 1614 m'mudzi wa Hériménil, pafupi ndi tauni ya Lunéville, m'dera la Lorraine. Lero derali lili kum'mawa kwa France, koma nthawi imeneyo linali dziko loima palokha. Makolo ake anali anthu wamba, ndipo anamulera m'chikhulupiriro cha Chikatolika.

Ali ndi zaka 18, panachitika kanthu kamene anakakumbukira moyo wake wonse. Inali nyengo yachisanu, imene mitengo yambiri ya ku Ulaya imayoyola masamba onse n'kutsala nthambi zokhazokha, monga umaonekera mlambe m'chilimwe. Nicolas anaima n'kumayang'ana mtengo wina wotere. Anayamba kulingalira kuti pakapita miyezi yochepa mtengo womwewo udzaphuka, kenako udzachita maluwa ndi kubala zipatso. Maganizo amenewa anamutsegula maso kuona mphamvu ya Mulungu ndi chisamaliro chake. Patapita zaka zambiri, atakalamba, anauza mnzake kuti chikondi chimene chinayaka mumtima mwake tsiku limenelo sichinazimenso.

Tikadayembekezera kuti mnyamata woona zotere asintha moyo wake tsiku lomwelo, koma sizinatero. Mbewu inagwera m'nthaka n'kukhalamo nthawi yaitali isanamere.

Msilikali wovulala

Ubwana wonse wa Nicolas unali m'nthawi ya nkhondo yaikulu ya ku Ulaya imene inayamba mu 1618 n'kutha mu 1648, imene olemba mbiri amaitcha Nkhondo ya Zaka 30. Dera la Lorraine linasakazidwa koopsa m'zaka za m'ma 1630. Magulu a asilikali ankadutsamo motsatizana, akuwotcha midzi ndi kulanda zakudya, ndipo pambuyo pawo pankabwera njala ndi mliri.

Nicolas analowa usilikali ali mnyamata. Tsiku lina anagwidwa ndi asilikali a ku Germany amene anamuganizira kuti ndi kazitape, ndipo anamuopseza kuti amupachika. Iye anawayankha modekha kuti sanali kazitape ndipo imfa sankaiopa, popeza chikumbumtima chake sichinkamutsutsa pa mlandu umenewo. Asilikaliwo anamumasula. Mu 1635, pamene asilikali a ku Sweden anaukira tauni ya Rambervillers, anavulala ndipo anabwerera kwa makolo ake. Usilikali unathera pomwepo, koma mwendo unamuvutitsa mpaka imfa yake.

M'zaka zotsatira anayesa njira ziwiri. Anayesa kukhala kwayekha kutali ndi anthu, kuti azingopemphera, koma kumeneko mtima wake sunakhazikike: lero chimwemwe, mawa chisoni, mkuja mantha. Anagwiranso ntchito ya m'nyumba kwa mkulu wina woyang'anira chuma cha mfumu, dzina lake Fieubet. Pokumbukira ntchito imeneyi, iye mwini ankadziseka kuti anali chimunthu chaphuma chimene chinkaswa chilichonse chimene chagwira.

Zaka khumi za mdima

Mu 1640, ali ndi zaka 26, anagogoda pa khomo la nyumba ya amonke ija ya ku Rue de Vaugirard. Amonkewo anali a gulu lotchedwa Discalced Carmelites, dzina lotanthauza kuti savala nsapato zotseka, amangovala nkhwayira. Analandiridwa ngati m'bale wamba, ndiye kuti wogwira ntchito zamanja pamene ansembe akuphunzira, kulalikira ndi kutsogolera mapemphero. Anapatsidwa dzina latsopano, Laurent de la Résurrection, kutanthauza Lawrence wa Kuuka kwa Akufa, ndipo anachita malumbiro ake mu 1642.

Cholinga chimene analowera m'nyumbayo n'chomvetsa chisoni. Ankaganiza kuti kumeneko akalangidwa chifukwa cha phuma lake ndi zolakwa zake, ndipo potero akapereka moyo wake nsembe kwa Mulungu. Pambuyo pake ankanena moseka kuti Mulungu anamugwiritsa mwala, chifukwa m'malo mwa chilango anapezako kukhutira.

Koma kukhutirako sikunabwere msanga. Zaka khumi zoyambirira zinali zowawa. Machimo a unyamata wake ankamubwerera m'maganizo usiku ndi usana. Akaona zabwino zimene Mulungu ankamuchitira, ankaopa kuti mwina akungodzinamiza. Kwa zaka zinayi anali wotsimikiza kuti ndi wotayika, ndipo panalibe munthu amene akadamuchotsa maganizo amenewo. Ankagwa kawirikawiri n'kudzukanso, koma mtendere analibe.

Chimene chinamutulutsa m'dzenjemo chinali chisankho chimodzi. Anadzikumbutsa kuti anabwera kudzatumikira Mulungu chifukwa chomukonda, ndipo anatsimikiza kuti, zivute zitani, apitiriza kumukonda ndi kumutumikira mpaka tsiku la imfa yake, ngakhale mavutowo asathe. Atangovomera motero n'kusiya kudziyang'ana yekha, anapeza kuti mtima wake wasintha. Munalowa mtendere umene unakhala naye zaka zonse zotsala.

Kuchokera pamenepo ankaphunzitsa kuti kudzizunza kwa mtundu uliwonse, ngati mulibe chikondi cha Mulungu, sikungafafanize ngakhale tchimo limodzi, ndipo kuti munthu ayembekezere chikhululukiro kuchokera m'mwazi wa Yesu Khristu popanda nkhawa. Ankadzifanizira ndi chigawenga chodzala ndi zilonda chimene chagwada pamaso pa mfumu kuulula milandu yake yonse. M'malo mochilanga, mfumuyo ikuchikumbatira, ikuchikhazika pa tebulo lake ndi kuchipatsa makiyi a chuma chake. Wowerenga Uthenga Wabwino amva pano fungo la fanizo la mwana wolowerera.

Sukulu ya m'khitchini

Akuluakulu a nyumbayo anamuika kukhitchini, ntchito imene mwachibadwa ankaida. Anakhalako zaka 15, akuphikira amonke amene nthawi zina ankapitirira 100. Aliyense amene anathandizapo kuphika pa msonkhano wa misasa kapena pa ukwati akudziwa mmene malo otere amakhalira: moto ukufuna nkhuni, mphika wina ukusefukira, uyu akufuna mchere, uyo akufunsa mbale, ndipo nthawi ya chakudya siidikira munthu. Umu ndi mmene Lawrence anaphunzirira kupemphera.

Njira yake inali yapafupi moti mwana akhoza kuimva. Asanayambe ntchito, ankauza Mulungu kuti popeza tsopano maganizo ake ayenera kukhala pa mapoto, akupempha chisomo choti akhalebe pamaso pake, ndiponso kuti agwire naye ntchitoyo. Ali mkati mwa ntchito ankapitiriza kulankhula ndi Mulungu m'mawu ochepa, monga munthu alankhulira ndi mnzake amene akugwira naye ntchito limodzi. Pena ankapempha thandizo, pena ankathokoza, pena ankangomukumbukira osanena kanthu. Ntchito ikatha, ankadzifunsa mmene wagwirira. Ikakhala kuti yayenda bwino, ankayamika Mulungu. Ikakhala kuti walakwitsa, kapena wapita nthawi yaitali osamukumbukira, ankavomera kulakwa kwake, n'kuuza Mulungu kuti akasiyidwa yekha sangachite mwina koma kugwa, kenako n'kupitiriza ngati mwana amene wakhululukidwa.

Mfundo yomalizayi ndi imene ambiri timaiphonya. Lawrence sanabise kuti poyamba zinkamuvuta. Maganizo ake ankayendayenda, ndipo nthawi zina ola lonse la pemphero linkatha akulimbana ndi kuwabweza. Chimene anakana ndi kutaya mtima. Ankaona kuti kudandaula chifukwa choti maganizo athawa kumangowathawitsa kwambiri, choncho ankawabweza mofatsa, kachiwiri, kachitatu, kakhumi, mpaka kukumbukira Mulungu kunasanduka chizolowezi. Amene tikuphunzira za uphunzitsi tikudziwa kuti mwana saphunzira kulemba tsiku limodzi. Dzanja limazolowera pensulo pobwereza, ndipo mphunzitsi wokalipira chilembo chilichonse chokhota amangomuopsa mwanayo. Lawrence anauphunzitsa mtima wake ngati mphunzitsi woleza. Akuluakulu anati kuona maso a nkhono n'kudekha.

Zotsatira zake zinaoneka kwa onse okhala naye. Ankati kwa iye nthawi ya ntchito ndi nthawi ya pemphero sizinkasiyananso. Pamene anthu angapo ankamuitana nthawi imodzi kufuna zinthu zosiyanasiyana, mtima wake unkakhala phee ngati kuti wagwada m'tchalitchi. Ankagwira ntchito mosathamanga komanso mosazengereza, chinthu chilichonse pa nthawi yake. Akamakazinga dzira m'chiwaya, ankalitembenuza chifukwa chokonda Mulungu. Ngakhale kutola kachitsotso pansi ankakuona ngati mwayi woonetsa chikondi chomwecho. Chikhulupiriro chake chinali chakuti Mulungu sayang'ana kukula kwa ntchito, amayang'ana chikondi chimene munthu wagwirira ntchitoyo. Ankanenanso kuti kuyeretsedwa sikufuna kuti munthu asinthe ntchito yake, kumafuna kuti achitire Mulungu zimene masiku onse amadzichitira yekha.

Tisamve molakwa ngati kuti anasiya mapemphero oikika. Amonkewo anali ndi maola awo opemphera mwakachetechete m'mawa ndi madzulo, ndipo Lawrence ankapezekapo mokhulupirika. Kungoti belu likalira kuti abwerere kukhitchini, iye sankamusiya Mulungu m'chipinda chopemphereramo.

Migolo, nkhwayira ndi makalata

Nthawi zina ankatumidwa kutali kukagula zofunika za nyumbayo. Chaka china anapita ku Auvergne, ndipo chaka chotsatira ku Burgundy, kukagula vinyo. Ulendo wa ku Burgundy unamulemera, chifukwa za malonda sankazidziwa, komanso mwendo wake sunkamulola kuyenda bwino m'ngalawa. Kuti achoke mbali ina kupita mbali ina ankachita kudzigubuduza pamwamba pa migolo. Koma sanade nkhawa. Anauza Mulungu kuti ntchito imene wabwerera ndi ya Iye, ndipo pobwerera anapeza kuti zonse zayenda bwino.

Mwendo utakula ululu, anamusamutsira ku ntchito yokhala pansi, yosoka ndi kukonza nkhwayira za amonke anzake. Ntchito imeneyi ankaikonda, komabe ankati ndi wokonzeka kuisiya tsiku lililonse ngati atauzidwa kutero. Munthu amene anapeza Mulungu pa ntchito yoida sanaope kuti amutaya akachotsedwa pa ntchito yoikonda.

Mbiri yake inayamba kumveka kunja kwa mpanda. Anthu osauka ndi olemera, ophunzira ndi osaphunzira, ankabwera kudzacheza naye. Mmodzi mwa iwo anali wansembe wina dzina lake Joseph de Beaufort, amene anakumana naye koyamba pa 3 Ogasiti 1666. Anacheza kanayi pakati pa tsikulo ndi Novembala 1667, ndipo Beaufort akabwerera kwawo ankalemba zimene wamva. Zambiri zimene tikudziwa za Lawrence zinachokera m'zolemba zimenezi.

Lawrence ankalemberanso makalata anthu ofuna uphungu, ndipo makalata 16 anasungidwa. M'kalata ina anapempha wolandirayo kuti asaionetse kwa munthu aliyense, chifukwa sankafuna kutchuka. Kwa munthu wina wodandaula kuti maganizo ake amabalalika popemphera, anayankha kuti vutolo si la iye yekha. Anamulangiza kuti asachulukitse mawu, akhale pamaso pa Mulungu ngati wopemphapempha wosalankhula amene wakhala pa chipata cha munthu wachuma. Anawonjezera kuti njira yosungira maganizo pa nthawi ya pemphero ndi kusawalola kupita kutali pa nthawi zina zonse za tsiku. Za mnyamata wina amene anali ku usilikali, analemba kuti kukweza mtima pang'ono kwa Mulungu n'kokwanira, ngakhale ali pa ulendo wa nkhondo lupanga lili m'manja, ndipo palibe amene angaone kuti akupemphera. Amene analemba zimenezi anali munthu woti nkhondo anailawa yekha. Kwa mayi wina wa zaka 64 analemba kuti nthawi yoyamba sinathe, ngakhale onse awiri anali okalamba.

Imfa yake ndi kabuku kake

M'zaka zake zomaliza anadwala katatu matenda aakulu. Mmodzi mwa omuyendera anali François Fénelon, mlembi wotchuka amene pambuyo pake anakhala bishopu wamkulu wa ku Cambrai. Fénelon anakumbukira kuti anamupeza akudwala kwambiri koma ali wosangalala, ndipo anacheza naye za imfa momasuka. Kalata yake yomaliza Lawrence anailemba pa 6 Febuluwale 1691. Patapita masiku awiri anagona pa mphasa, ndipo anamwalira pa 12 Febuluwale 1691, ali ndi zaka pafupifupi 77. Anali atakhala m'nyumba ija zaka zoposa 50.

Beaufort anasonkhanitsa makalata, mfundo zochepa zimene Lawrence analemba, ndi zokambirana zawo zija, n'kuzisindikiza mu 1692 ndi mu 1694. Posakhalitsa mu mpingo wa Katolika ku France munabuka mkangano waukulu wokhudza kapempheredwe kamumtima. Fénelon anali pakati pa mkanganowo, ndipo buku lake lina linatsutsidwa ndi Papa mu 1699. Popeza dzina la Lawrence linatchulidwa m'mkanganomo, zolemba zake zinaiwalika kwawo kwa nthawi yaitali. Amene anazisunga ndi kuzifalitsa anali Apulotesitanti a ku Netherlands, Germany ndi England. John Wesley, amene anayambitsa mpingo wa Methodist, anali mmodzi mwa ozikonda ndi kulimbikitsa ena kuziwerenga. M'Chingerezi kabukuka kamadziwika ndi dzina lakuti The Practice of the Presence of God, ndipo n'kakang'ono moti munthu akhoza kukamaliza Sabata limodzi masana.

Zikutikhudza bwanji?

Pali ziphunzitso zambiri za mpingo wa Lawrence zimene ife sitigwirizana nazo, ndipo moyo wodzitsekera m'nyumba ya amonke si umene timalalikira. Koma chimene iye anachipeza m'khitchini n'chakale kuposa nyumba zonse za amonke. Buku la Genesis likutiuza za Enoki amene anayenda ndi Mulungu zaka 300 ali ndi banja ndi ana. Nehemiya anapemphera mumtima ali chiimire pamaso pa mfumu Aritasasta, pakati pa funso la mfumuyo ndi yankho lake. Paulo analangiza Atesalonika kuti pemphero lawo lisamaleke. Ellen White, m'mutu wonena za pemphero wa buku la Steps to Christ, anaphunzitsa zomwezi, kuti palibe malo kapena nthawi yosayenera kukweza mtima kwa Mulungu, kaya ndi pakati pa chikhamu mumsewu kaya pa malonda.

Ngozi imene ili pakati pathu ndi yogawa moyo pawiri. Mbali ina timaika Sabata, mapemphero a m'mawa ndi a madzulo, kwaya ndi sabata la mapemphero. Mbali inayo timaika kalasi, mayeso, mzere wa ku kafiteriya, kuchapa, ndi nkhawa ya fizi. Tikatero, Mulungu timamupatsa maola ochepa, ndipo maola ambiri timayenda tokha. Tsono mayesero sabwera tili m'tchalitchi. Amabwera pamene mnzathu wa m'chipinda watikwiyitsa, pamene mayankho a mnzathu ali poonekera m'chipinda cha mayeso, pamene foni ili m'manja usiku anthu onse atagona. Munthu amene sanazolowere kulankhula ndi Mulungu m'malo amenewa amadzapezeka ali yekha pa nthawi imene akufunika thandizo kwambiri.

Palinso ena pakati pathu amene akusenza katundu amene Lawrence anasenza zaka zinayi zija. Amaimba nawo, amatsogolera nawo mapulogalamu, koma mumtima amakhulupirira kuti Mulungu anawataya kale. Mbiri ya wophika uyu ikuwauza kuti mdima wotere umatha, ndipo umatha pamene munthu wasiya kuwerenga zilonda zake n'kuyang'ana kwa Khristu amene anakhetsa mwazi wake.

Ambiri mwa ife tidzatumizidwa ku sukulu kumene kalasi imodzi ili ndi ana ochuluka kuposa mabuku, kumene choko chimatha mwezi usanathe ndipo makope oti tichonge amatidikira mpaka usiku. Ena adzagwira ntchito zimene sanazisankhe, monga momwe Lawrence sanasankhire khitchini. Kumeneko sikudzakhala belu lotiitanira ku mapemphero monga kuno. Chimene tidzapite nacho ndi chizolowezi chimene tikuphunzira lero.

Kuyamba kwake sikufuna ndalama kapena malo apadera. Tisanatsegule buku, timuuze Mulungu kuti tikuyamba ndipo tikufuna akhale nafe. Tikakumbukira pakati pa tsiku kuti tamuiwala kuyambira m'mawa, tisadzitukwane, tingobwerera. Madzulo tiyang'ane mmene tsiku layendera, tithokoze pa zabwino, tipepese pa zolakwika, tigone. Mawa tiyambirenso. Lawrence zinamutengera zaka khumi kuti apeze mtendere, ndipo anakhala nawo zaka zina 40.